The Police: oimba atatu, zimbale zisanu ndi mkangano wa ndalama umene wafika ku khoti

Chaka cha 2025 kunamveka nkhani yakuti a The Police akamusumira Sting, woimba wotchuka wa ku England, ku khoti lalikulu la ku London. Wowerenga mothamanga akanayesa kuti mkuluyu wapalamula ndipo apolisi ali pambuyo pake. Ayi ndithu. The Police ndi dzina la bandi, ndipo omusumirawo ndi anzake awiri amene ankaimba nawo, Andy Summers wa gitala ndi Stewart Copeland wa ng'oma. Akulimbirana ndalama za nyimbo zimene anajambulira limodzi zaka zoposa 40 zapitazo.

Mwina dzina la bandiyi ndi lachilendo kwa inu, koma nyimbo yake imodzi munaimvapo, ngakhale kuti inakupezani itavala malaya ena. Amene munali achinyamata cha m'ma 1997 mukukumbukira "I'll Be Missing You", imene Puff Daddy ndi Faith Evans anaimba polira The Notorious B.I.G. Kagitala koyenda pang'onopang'ono pansi pa nyimbo ija kanachokera mu "Every Breath You Take", nyimbo ya The Police ya 1983. Anakapeka ndi Summers. Koma pa pepala, wopeka nyimboyo ndi Sting yekha. Kuti izi zimveke, tiyenera kubwerera m'mbuyo ndi kuona mmene anthu atatuwa ankamangira nyimbo zawo, chifukwa mkanganowu mizu yake ili m'maimbidwe momwemo.

Kodi new wave n'chiyani?

Nyimbo za The Police zimatchedwa new wave kapena pop rock, choncho tiyambe ndi mawu amenewa. Pakati pa zaka za m'ma 1970, nyimbo za rock zinali zitanenepa. Magulu otchuka ankaimba nyimbo imodzi kwa mphindi 10 kapena kuposa, m'mabwalo akuluakulu, ndi zida zodzaza malole. Achinyamata ambiri a ku Britain, amene panthawiyo ntchito inkawavuta kupeza, ankaona kuti zimenezi si zawo. Anayambitsa chamba chawochawo chotchedwa punk: nyimbo zazifupi, zothamanga, zaphokoso ndi zaukali, zimene munthu wodziwa makiyi atatu okha pa gitala ankatha kuimba. Magulu monga Sex Pistols ndi The Clash ku London, komanso Ramones ku New York, ndiwo anali patsogolo.

Vuto linali lakuti dzina la punk linkanunkha kwa eni mawailesi ndi eni maholo, amene ankaliona ngati la anthu otukwana ndi oswa mabotolo. Amalonda a nyimbo anafuna dzina lina loti agulitsire magulu atsopanowa, ndipo anatola lakuti new wave, kutanthauza funde latsopano. Mmodzi mwa amene analikankha kwambiri anali Seymour Stein wa kampani ya Sire Records ku America. Posakhalitsa dzinali linakhala la magulu amene anatenga changu ndi kufupika kwa punk, nasiya ukali wake, n'kuwonjezamo luso ndi zokometsera zochokera kwina: ena disco, ena makiyibodi amagetsi, ena reggae. Blondie, Talking Heads ndi The Cars onse ankaikidwa m'dengu limeneli, ngakhale kuti mukawamvera safanana kwenikweni. New wave ndi dzina la nyengo kuposa mmene lilili dzina la kaimbidwe kamodzi.

Mawu akuti pop rock ndi osavuta. Ndi nyimbo zoimbidwa ndi zida za rock, gitala, besi ndi ng'oma, koma zopekedwa kuti zilowe pa wailesi masana, ndi kolasi yoti munthu akaimva kawiri ayambe kuing'ung'udza akutsuka mbale.

Mphunzitsi, mwana wa kazitape ndi mkulu wa gitala

Amene anayambitsa The Police si Sting. Ndi Copeland, wa ku America, amene anakulira ku Cairo ndi ku Beirut chifukwa bambo ake ankagwira ntchito yaukazitape ku bungwe la CIA. Chakumapeto kwa 1976, ali woimba ng'oma m'gulu la Curved Air, anafika ku Newcastle kumpoto kwa England n'kuona kagulu ka jazz kotchedwa Last Exit. Chinamugwira mtima si gululo, koma woimba besi wake, Gordon Sumner, amene anali atakhala zaka ziwiri akuphunzitsa ana pa sukulu ina ku Cramlington. Dzina lakuti Sting, limene limanena za mbola ya njuchi, anamupatsa ndi oimba anzake chifukwa cha juzi yake ya mizere yakuda ndi yachikasu.

Mu Januwale 1977 Sting anasamukira ku London, ndipo iye ndi Copeland anayamba kuimba ndi Henry Padovani, mnyamata wa ku Corsica amene gitala ankaidziwa mwa apo ndi apo. Mu Meyi chaka chomwecho anatulutsa nyimbo yawo yoyamba, "Fall Out", yopeka Copeland. Kenaka anakumana ndi Summers, amene anali wamkulu kwa iwo ndi zaka pafupifupi 10 ndipo anali ataimbapo ndi Eric Burdon and the Animals kale m'ma 1960. Kwa kanthawi anali anayi, koma pofika Ogasiti 1977 Padovani anali atachoka.

Apa pali chinthu choseketsa. Atatu otsalawa ankadzionetsa ngati gulu la punk chifukwa ndiko kunali msika, koma onse anali akatswiri odziwa kuimba mopitirira muyeso wa punk. Anyamata enieni a punk anawatulukira msanga n'kumawanena kuti ndi onamizira. Ngakhale tsitsi lawo loyera, limene pambuyo pake linakhala chizindikiro chawo, silinachokere ku nzeru zakuya zilizonse. Analidaya mu 1978 kuti apeze ganyu yoonekera mu kanema wotsatsa chingamu cha Wrigley's, chifukwa m'thumba munali mbee.

Mpata pakati pa zida

Bandi ya anthu atatu ili ngati mafuwa: limodzi likasuntha, mphika wagwa. Palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake. Magulu ambiri a anthu atatu amathetsa vutoli pokweza phokoso kuti adzaze malo onse. The Police inachita zosiyana, ndipo nzeru imeneyi inaitenga ku reggae.

Panthawiyo London inali yodzaza ndi reggae. Ana a anthu amene anachokera ku Jamaica ndi maiko ena a ku Caribbean anali ndi magulu awo, monga Aswad ku London ndi Steel Pulse ku Birmingham. Bob Marley mwiniwake ankakhala ku London mu 1977, ndipo ndi kumene anajambulira chimbale cha Exodus. Ku kalabu ya punk yotchedwa Roxy, DJ Don Letts ankaika reggae podikira kuti gulu lina likwere pa siteji.

Kwa ife amene makutu anazolowera Evison Matafale ndi Black Missionaries, zimene nditi ndifotokoze thupi limazidziwa kale, kungoti sitiziwerenga. Yesani kuwerenga 1, 2, 3, 4 motsatira nyimbo. Mu rock, ng'oma yaikulu yoponda ndi phazi imagunda pa 1 ndi pa 3, ndipo yapakati yolira kwambiri imayankha pa 2 ndi pa 4. Zonse n'zodzaza, ngati asilikali pa perete. Mu kaimbidwe ka reggae kotchedwa one drop, pa 1 pamasiyidwa popanda kanthu, ng'oma n'kudzagwa pa 3, pamene gitala ikudula mwachidule pa 2 ndi pa 4. Zili ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi: musi wina ukamatsika wina ukukwera, ndipo kukoma kwake kuli pa kusaombana.

The Police inatenga mpata umenewu n'kuuphatikiza ndi liwiro la punk. Chitsanzo chomveka bwino ndi "So Lonely". Ndime zake zimayenda mwa reggae, mosathamanga, ndipo Sting anavomerapo yekha kuti makiyi ake anawabwereka ku "No Woman, No Cry" ya Marley. Ikafika kolasi, zonse zimaphulika n'kuthamanga ngati galimoto yoduka mabuleki pa chitsikira, kenaka n'kubwereranso mwakachetechete. Kusinthasintha kumeneku ndiko kunakhala chidindo chawo.

Koma kuti mumve bwino ntchito ya munthu aliyense, ikani "Walking on the Moon" ndipo mumvere masekondi 20 oyambirira okha. Besi imalira katatu n'kuima. Pamene yaimapo, gitala imaomba kamodzi kokha, ngwee, ndipo kulirako kumatsala kukulendewera m'mwamba, kukubwerera ngati mawu a munthu woitana m'tchalitchi chopanda anthu. Pansi pake Copeland akugogoda m'mphepete mwa ng'oma ndi pa timbale tachitsulo, tinthu ting'onoting'ono tosabwerezeka mofanana. Nayenso ng'oma zake ankazidutsitsa mu kachipangizo kobweza mawu, nzeru imene anaitenga kwa akatswiri a m'masitudiyo a ku Jamaica. Sting amadzayamba kuimba, ndi mawu ake okwera ngati a mnyamata wa kwaya, nyimbo itamangidwa kale ndi zinthu zitatu zimenezi.

Tsono funso n'lakuti, pa masekondi 20 amenewo, "nyimbo" ndi iti? Lisungeni funsoli, tidzalipezanso ku khoti.

Nkhani ya reggaeyi ili ndi mbali ina imene anthu amatsutsana mpaka lero. Ena amati azungu atatuwa analemera ndi kaimbidwe ka anthu akuda, pamene magulu a reggae a ku Britain komweko sankapatsidwa mpata wofanana pa wailesi, ndipo amadandaulanso kuti Sting nthawi zina ankayerekeza kalankhulidwe ka ku Jamaica. Ena amati gululi silinabise kumene linatenga, linapanga chinthu chatsopano chimene si reggae yeniyeni, ndipo linatsegula makutu a anthu ambiri amene pambuyo pake anakafuna reggae ya eni ake. Eni bandiwo nkhaniyi ankaidziwa, moti dzina la chimbale chawo chachiwiri ndi Chifalansa chopeka chotanthauza reggae ya azungu.

Zimbale zitatu za mayina achilendo

Chimbale choyamba, Outlandos d'Amour, chinatuluka mu Novembala 1978. Anachijambula ku Surrey Sound, kasitudiyo kotchipa ka ku Leatherhead, ndi mapaundi 1,500 obwereka kwa Miles Copeland, mkulu wake wa Stewart, amene anadzakhala manijala wawo. Miles sankaziona bwino nyimbo zawo mpaka tsiku limene anamva "Roxanne", n'kuitengera ku kampani ya A&M.

Sting anaipeka nyimboyi ataona amayi oyendayenda pafupi ndi hotela yotchipa imene gululi linagona ku Paris mu 1977. Ndi mwamuna amene akuchonderera mkazi wotero kuti asiye ntchitoyo. Mukaimvera koyambirira kwenikweni mumva piyano ikulira mosokonekera, kenaka munthu akuseka. Ameneyo ndi Sting, amene anakhalira piyano mwangozi tepi ikuzungulira, ndipo anangozisiya momwemo. Itatuluka koyamba mu Epulo 1978 sinapite patali, ndipo wailesi ya BBC sinkaiika kawirikawiri.

Chinawapulumutsa ndi ulendo wa ku America mu Okutobala 1978, umene anauyenda mwaumphawi. Anakwera ndege yotchipa ya Laker, n'kumazungulira m'vani imodzi, iwo ndi zida zawo, kuimba m'timabala. Ku Poughkeepsie anaimbira anthu osakwana 10. Koma mawailesi ena, monga a ku Boston, anayamba kuika "Roxanne", ndipo itatulutsidwanso ku Britain mu 1979 inafika pa nambala 12 pa tchati, ndiye kuti ndandanda wa nyimbo zimene zagulidwa kwambiri sabata imeneyo.

Kuchokera apo zinthu zinathamanga. Reggatta de Blanc, cha mu Okutobala 1979, chinafika pa nambala 1 ku Britain, ndipo nyimbo zake ziwiri, "Message in a Bottle" ndi "Walking on the Moon", nazonso zinakhala pa nambala 1. Kwa ine chimenechi ndicho chimbale chimene mumamva atatuwa akuimba ngati munthu mmodzi, asanayambe kuwerengerana. Mu 1980 anakaimba kumalo kumene magulu a rock sankapitako kawirikawiri, monga Bombay, Hong Kong ndi Cairo.

Zenyatta Mondatta anachijambula mothamanga ku Hilversum m'dziko la Netherlands, m'masabata anayi, ndipo anapita kunja chifukwa cha nkhani za msonkho. Eni akewo akhala akunena kuti sichinapse bwino. Ngakhale zinali choncho, "Don't Stand So Close to Me", yonena za mphunzitsi ndi mwana wa sukulu amene ayamba kuyang'anana molakwika, ndiyo inagulidwa kwambiri kuposa nyimbo ina iliyonse ku Britain mu 1980. Pa chimbale chomwechi pali "Behind My Camel", nyimbo ya zida zokhazokha yopeka Summers. Sting anaida kwambiri moti anakana kuimba besi yake, ndipo ananenapo kuti anafika pokwirira tepi yake m'munda kuseri kwa situdiyo. Summers anaimba yekha besiyo, ndipo nyimboyo inapata mphoto ya Grammy. Ming'alu inali itayamba kuoneka.

Ku Montserrat, aliyense m'chipinda chake

Zimbale ziwiri zomaliza anakazijambulira pa chilumba cha Montserrat ku Caribbean, mu situdiyo ya AIR ya George Martin, yemwe uja ankajambula The Beatles. Wowajambula tsopano anali Hugh Padgham. Pa Ghost in the Machine, cha 1981, mpata uja unayamba kudzazidwa ndi makiyibodi ndi malipenga, ndipo Summers sanabise kuti zimenezi sizinkamusangalatsa, poti malo amene ankadzazidwawo anali a gitala yake. Sting anali atayamba kubwera ndi nyimbo zimene wazijambula kale payekha, n'kumafuna kuti anzake angotsatira. "Every Little Thing She Does Is Magic" inafika pa nambala 1 ku Britain, pamene kanema wa "Invisible Sun" BBC inakana kumuonetsa chifukwa munali zithunzi za zipolowe za ku Northern Ireland. Chaka chomwecho ku America kunatsegulidwa MTV, kanema woonetsa nyimbo usana ndi usiku, ndipo anyamata atatu a tsitsi loyerawa anamukwana ngati anachita kuwayeza.

Pojambula Synchronicity, kuyambira kumapeto kwa 1982, aliyense ankaimbira m'chipinda chake. Copeland ndi ng'oma zake anali m'chipinda chodyera, Sting anali kumene kumakhala makina ojambulira, Summers ndiye anali mu situdiyo yeniyeniyo. Chifukwa chimene chinkaperekedwa chinali chakuti zida zimamveka bwino zikatalikirana, ndipo n'zoona, koma Padgham wanenapo kuti Sting ndi Copeland ankakangana mpaka kugwirana malaya.

"Every Breath You Take" inabadwira m'nyengo imeneyi. Sting anailemba ali ku Jamaica, m'nyumba ya Goldeneye imene kale inali ya Ian Fleming, wolemba mabuku a James Bond, panthawi imene banja loyamba la Stingyo linkatha. Anthu ambiri amaiyesa nyimbo yachikondi, ndipo kunjako imaikidwa ngakhale pa maukwati, koma mwini wake wakhala akunena kuti ndi ya nsanje, ya munthu amene akulondalonda mnzake amene anamusiya. Imakoma chifukwa mawu oopsawo amaimbidwa mofatsa ngati akugoneka mwana.

Tepi imene Sting anabwera nayo inali ya kiyibodi, yopanda kagitala kaja. Malinga ndi mmene Summers amafotokozera, atalimbana nayo kwa nthawi yaitali osagwirizana, anauzidwa kuti alowe aikemo zake, ndipo anaimba kamodzi kokha n'kutheka. Amati panthawiyo ankaphunzira nyimbo za vayolini za Béla Bartók wa ku Hungary, ndipo kayendedwe ka zalako kanachokera kumeneko. Woimba gitala aliyense amene anayesapo amadziwa ululu wake. M'malo mokwapula nsambo zonse pamodzi, umatola imodziimodzi, chala cha mkombaphala chili uku, kachala kakang'ono katatambasukira kutali, uku chikhatho cha dzanja linalo chikutsamira pa nsambo kuti zisalire mokweza. Ukafika pakati pa nyimbo dzanja limakhala litachita dzanzi.

Nyimboyi inakhala pa nambala 1 masabata 8 ku America ndi masabata 4 ku Britain. Chimbale chake chinakhala pamwamba ku America masabata 17, m'chaka chimene Thriller ya Michael Jackson inkasesa chilichonse. Pa mphoto za Grammy za 1984 inasankhidwa kukhala nyimbo yopambana ya chaka, kuposa "Billie Jean" ndi "Beat It" za Michael Jackson yemweyo. Mphoto imeneyi imapita kwa wopeka nyimbo, choncho inalembedwa dzina la Sting.

Kusiyana popanda kutsanzikana

Pa 18 Ogasiti 1983 anaimba pa Shea Stadium ku New York pamaso pa anthu pafupifupi 70,000, bwalo lomwe The Beatles anaimbapo mu 1965. Sting wanenapo kuti usiku umenewo ndi pamene anaona kuti pamwamba afikapo, kwatsala n'kutsika. Ulendowo unathera ku Melbourne mu Malichi 1984, ndipo gululo linangoti zii, osalengeza kuti latha. Mu 1985 Sting anatulutsa chimbale chakechake ndi akatswiri a jazz monga Branford Marsalis. Copeland anayamba kupeka nyimbo za m'mafilimu, ndipo chaka chomwecho anatulutsa chimbale cha The Rhythmatist atayenda m'maiko a mu Africa kujambula ng'oma ndi maimbidwe, mothandizana ndi Ray Lema wa ku Congo.

Mu 1986 anaimba limodzi katatu pa zoimbaimba za bungwe la Amnesty International, n'kuyesa kubwerera mu situdiyo. Copeland anagwa pa hatchi n'kuthyoka fupa la paphewa, ndipo chimene chinatuluka ndi "Don't Stand So Close to Me" yojambulidwanso ndi ng'oma za makina basi. Anadzakumananso mu 2007, n'kuzungulira dziko lonse mpaka pa 7 Ogasiti 2008 pamene anatsekera ku Madison Square Garden ku New York. Ulendo umenewo unalowetsa madola pafupifupi 360 miliyoni. Chimbale chatsopano sanajambule.

Nyimbo imodzi, eni awiri

Tsopano ku ndalama. Pa malamulo a umwini, nyimbo iliyonse yojambulidwa ili ndi zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi nyimbo yopekedwa, ndiye kuti mawu ake ndi kayendedwe ka liwu limene munthu amaimba. Chachiwiri ndi chojambulidwacho, mawu enieni amene analowa pa tepi tsiku limenelo. Tiyerekeze ndi pulani ya nyumba ndi nyumba yomangidwa. Wojambula pulani amalandira kanthu paliponse pamene pulani yake yagwiritsidwa ntchito, ngakhale amange ndi anthu ena. Amisiri amene anamanga nyumba yoyamba gawo lawo lili pa nyumba imeneyo yokha.

Ndalama zimene mwini amalandira nyimbo yake ikagulidwa, ikaikidwa pa wailesi kapena ikaimbidwanso ndi wina zimatchedwa royalty. Kuno kwathu bungwe la COSOMA ndilo limatolera ndalama zotere kwa mawailesi ndi ena ogwiritsa ntchito nyimbo n'kugawira eni ake, ndipo ku Britain ntchito yofananayo ya opeka nyimbo imagwiridwa ndi PRS. Mabungwe otere satsegula nyimbo n'kumvera kuti aone amene anakometsa kwambiri. Amayang'ana dzina limene linalembetsedwa.

Mwa chizolowezi cha makampani a nyimbo, kagitala, kabesi kapena kagundidwe ka ng'oma kamatengedwa ngati kakonzedwe chabe ka nyimbo imene ilipo kale, osati kupeka. Chizolowezichi chinakhazikika kale, nyimbo zikugulitsidwa zolembedwa pa mapepala, woimba aliyense n'kumakaziimba mwa njira yake. Chimayenda bwino pa nyimbo imene munthu angaiimbe ndi pakamwa pokha osataya kanthu. Chimavuta pa gulu ngati The Police, limene nyimbo zake zimazindikirika Sting asanatsegule pakamwa.

N'chifukwa chake nkhani ya Puff Daddy inamuwawa Summers. Kutenga kachidutswa ka nyimbo ya wina n'kukaika mu yako kumatchedwa sampling, ndipo kumafuna chilolezo. Puff Daddy sanapemphe nyimbo yake isanatuluke, ndipo pokonza nkhaniyo ndalama za wopeka zinapita kwa Sting, ngakhale kuti chimene anthu amayamba kumva mu nyimboyo ndi kagitala ka Summers. Kumbali ina, nyimbo ya Puff Daddy inatenganso kayendedwe ka liwu la kolasi, kamene ndi ka Sting mosakayikitsa. Ndipo amene ali kumbali ya Sting amakumbutsa kuti nyimbo zonse zisanu za gululi zimene zinafika pa nambala 1 ku Britain anapeka ndi iye, kuti anzakewo ankapekanso zawo koma sizinkafika pamenepo, ndiponso kuti popanda mawu ndi makiyi ake Summers sakanakhala ndi poika zala.

Ndalama zake si zamasewera. Mu 2019 bungwe la BMI la ku America linalengeza kuti "Every Breath You Take" ndiyo yaikidwa pa wailesi kambiri kuposa nyimbo zonse zimene limayang'anira, maulendo pafupifupi 15 miliyoni. Mu 2022 Sting anagulitsa umwini wa nyimbo zonse zimene anapeka ku kampani ya Universal, pa mtengo umene manyuzipepala anati unali pafupifupi madola 300 miliyoni.

Chimene chili pamaso pa khoti

Atatuwa vutoli analiona kale. Mu 1977, ali amphawi, anagwirizana pakamwa kuti amene wapeka nyimbo azipatsako anzake awiriwo kagawo ka ndalama zake, monga malipiro a ntchito yokonza nyimboyo. Panganoli linadzalembedwa pambuyo pake n'kumakonzedwanso, komaliza mu 2016. Ndiye mlanduwu sukufunsa ngati Summers ndi Copeland ayenera kulandira kanthu, poti akhala akulandira. Ukufunsa kuti kagawo kawoko kachotsedwe pa ndalama ziti.

Apa ndi pamene palowa streaming, kumvera nyimbo pa intaneti osaigula, monga pa Spotify, YouTube kapena Apple Music. Panthawi imene ankagwirizana koyamba, ndalama zinkabwera m'njira ziwiri zodziwika, kugulitsa zimbale ndi kuika nyimbo pa wailesi kapena pagulu. Streaming ili pakatikati. Imafanana ndi kugula chifukwa mumasankha nokha nyimbo ndi nthawi, komanso imafanana ndi wailesi chifukwa simutsala ndi kanthu m'manja. Summers ndi Copeland akuti kagawo kawo kayenera kuwerengedwanso pa ndalama zimenezi, ndipo chifukwa chosatero anaperewezedwa mamiliyoni. Maloya a Sting akuti mawu a pangano la 2016 safika kumeneko.

Oimba a kuno nkhaniyi sangaione ngati ya kutali. M'masitudiyo a ku Lilongwe ndi ku Blantyre nyimbo zambiri zimabadwa chimodzimodzi: wina wabwera ndi mawu ndi kolasi, wa kiyibodi waikapo kakuyamba kamene anthu adzaizindikire nako m'minibasi, wojambula wamanga biti yonse, ndipo onse abalalika atalandira ya tsiku limenelo. M'maiko ena oimba amalemberana kapepala tsiku lojambula lomwelo, kosonyeza gawo la aliyense pa 100. Koma a The Police mapepala anali nawo, olembedwa ndi maloya, ndipo afikabe ku khoti chifukwa njira yogulitsira nyimbo inasintha mawu a pa pepala ali omwewo. Pa Spotify pokha, "Every Breath You Take" yamveredwa kale maulendo oposa 2 biliyoni.